Vitz RS, Fit RS, Swift Sport kapena Polo GTI: kagalimoto kokoka kati kangapirire misewu ya Blantyre?

Amene ayenda pa Passo, Mira kapena ka Vitz ka 1.0 kwa zaka zingapo amafika potopa nako. Osati kuti nkoyipa ayi, mafuta kamamwa pang'ono komanso sikavutavuta, koma mukanyamula anthu anayi nkuyatsa eyakoni pa chitunda, phazi lili pansi koma liwiro osaoneka. Nde maganizo amabwera oti bola ndipeze kena kakang'ono komweko koti nditha kupaka paliponse mtauni muno, koma kokoka. Pa msika wathu wa magalimoto ochokera ku Japan ndi ku South Africa mayina amene amabwera pafupipafupi ndi Toyota Vitz RS, Honda Fit RS, Suzuki Swift Sport, Mazda Demio ya 1.5 komanso VW Polo GTI.

Mitengo ya makwacha sindiika muno, chifukwa magalimotowa amagulidwa mmadola ndipo chiigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo umene mwauzidwa lero umakhala wina mwezi wamawa. Ndingonena iti yakwera kuposa inzake komanso chifukwa chake.

Zoyenera kuyang'ana kaye

Choyamba, iwalani za liwiro lomaliza limene lalembedwa pa dashibodi. Mu Blantyre mulibe poti mungafike 180, ndipo pa Zalewa apolisi a kamera amakhala akudikira. Chofunika ndi mmene galimoto ikukokera pakati apa, kuchoka pa 60 kufika pa 100 pamene mukufuna kudutsa thiraki ya simenti msewu usanakhote, kapena pokwera kuchoka ku Thabwa kubwera mtauni. Apa pali nkhani imene ogulitsa sanena: Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchoka pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepukirapo, nde injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu imene inalembedwa ku Japan. Ya turbo imataya pang'ono chabe chifukwa imadzipopera yokha mpweya. Nchifukwa chake manambala a pa pepala amanamiza.

Chachiwiri ndi kutalika kwa galimoto kuchoka pansi, pamodzi ndi matayala. Ichi kwa ine nchimene chimagamula mlandu. Tigalimoto ta sipoti timabwera titatsitsidwa, mashoko olimba, marimu aakulu ndi tayala lopyapyala. Werengani nokha: tayala la 175/65R15 la Vitz wamba lili ndi mnofu wa mmbali wa mamilimita pafupifupi 114, la 185/55R16 lili ndi 102, la 195/50R16 lili ndi 98, pamene la 195/45R17 lili ndi 88 basi. Mnofu umenewo ndi umene umalandira dzenje. Ukachepa, dzenje limafika pa rimu, rimu nkupindika, tayala nkutupa chotupa mmbali, ndipo tayala lotupa mmbali silimatidwa. Amene mumakhala ku Machinjiri, Chilobwe, Bangwe kapena mkati mwa Chirimba mukudziwa mmene msewu umakhalira mu February mvula ikakhazikika.

Chachitatu ndi mafuta. Pa pampu pathu petulo ndi wamtundu umodzi, wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, palibe zoti musankhe wa octane wokwera (octane ndi muyezo wa mmene petulo amapiririra kupanikizidwa injini osagogoda) ngati ku Japan kapena ku Joni. Galimoto imene inapangidwira petulo wa octane wokwera imayendabe, kompyuta yake imangobweza mphamvu kuti injini isagogode, koma mumakhala mwalipira mahatchi ena amene simukuwagwiritsa ntchito. Komanso mafuta akasowa, tonse timakhala pa mzere umodzi, ndipo mathanki a tigalimoto timeneti ndi a malita pafupifupi 40.

Chachinayi, msonkho. A MRA amayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo 1500cc ndi malire enieni pa mndandanda wa misonkho. Vitz RS ndi Fit RS zili pa 1496cc, Demio pa 1498cc, zonse zangotsala pang'ono kufika pa malirewo. Swift Sport ya 1.6 ili pa 1586cc, yadutsa. Funsani ajenti wanu akuwerengereni musanatumize ndalama, osati galimoto itafika kale pa Songwe.

Chomaliza ndi giyabokosi, masipeya ndi amakaniko. Mmawa uliwonse pa Chipembere Highway kuchokera ku Limbe kudutsa pa Chichiri mpaka Ginnery Corner ndi ima-nyamuka ima-nyamuka, ndipo giyabokosi iliyonse imalandira chilangochi mosiyana.

Toyota Vitz RS

Mtengo: iyi ndi imodzi mwa zimene sizipweteka kwambiri pogula, makamaka ya 2005 mpaka 2010 imene nambala yake ya chesisi imayamba ndi NCP91. Yotsatira yake, NCP131, inayamba kumapeto kwa 2010 ndipo ndi yokwererapo. Pogulitsanso simuvutika, dzina la Toyota limadzigulitsa lokha kuno.

Kupezeka: ma Vitz ali mbwee, koma RS yeniyeni ndi yochepa. Samalani ndi zomata. Pali ma Vitz ambiri a 1.0 amene anawaika bampa ndi chizindikiro cha RS, nde tsegulani boneti muwerenge kachitsulo ka chesisi. Ikayamba ndi KSP imeneyo ndi 1.0 ya masilinda atatu, SCP kapena NSP ndi ya pakati, ya 1.5 ndi NCP91 kapena NCP131. RS ya 1.5 imakhalanso ndi mabuleki a disiki kumbuyo, suzumirani mu rimu muone.

Kusamalira: apa nde palibe yoifika. Injini yake ndi 1NZ-FE, yomwe ija ili mu Probox, Sienta, Ractis, Axio, Fielder ndi Allion ya 1.5. Makaniko aliyense wa ku Ndirande anaitsegulapo, makoyilo, wotapampu, mafyuluta, olo injini yathunthu mumapeza tsiku lomwelo. Imagwiritsa tcheni osati lamba, petulo wathu imamwa bwinobwino osadandaula.

Zoopsa: yambiri imabwera ndi CVT, giyabokosi ya otomatiki yopanda magiya owerengeka, ndipo CVT imafa ndi oyilo wolakwika. Wina akathiramo ATF, oyilo wa otomatiki wamba, poti ndi wotchipa, dziwani kuti mwayamba ulendo wogula giyabokosi ina. Vuto lina ndi loti mwina mudzakhumudwa. Mphamvu yake ndi 110 PS kapena 109 PS (PS ndi mahatchi) malinga ndi chaka, pochoka pa 1.0 kusiyana mudzakumva ndithu, koma ya CVT imangolira mawu amodzimodzi liwiro likubwera pambuyo. Ya manyuwo ya magiya 5 ndi imene ili ndi moyo. Kunena zoona Vitz RS ndi Vitz yabwino kwambiri, osati galimoto ya sipoti.

Honda Fit RS

Mtengo: ya chesisi GE8 ya 2007 mpaka 2013 imayandikana ndi Vitz RS, pena kutchipirapo kumene. GK5 imene inayamba mu 2013 ndi yodulirapo ndithu koma ikadali pansi pa 1500cc.

Kupezeka: Fit ndi yodziwika mtauni muno, ngakhale zambiri ndi za 1.3 komanso za hybrid. RS nthawi zambiri mumachita kuitanitsa. Musasokoneze RS ya petulo ndi Fit Hybrid ya 2013 ndi 2014, ija ya giyabokosi ya makilachi awiri imene a Honda anaiitanitsa kangapo kuti akaikonze, ndi nyama zosiyana.

Kusamalira: GE8 ili ndi injini ya L15A ya 120 PS, yapachibale ndi ya mu Freed, nde masipeya a injini sasowa ngakhale sali paliponse ngati a Toyota. GK5 ili ndi 132 PS ndipo imapopera petulo mwachindunji mu silinda. Zimenezi zimapatsa mphamvu komanso kusunga mafuta, koma ma injector ake, opopera petulo aja, ndi odula ndipo sakondwa ndi petulo wa mzigubu. Nthawi ya mizere ija pamene anthu amagula wa mmbali mwa msewu wosadziwika kuti anasakaniza ndi chani, galimoto ngati iyi ndi imene imayamba kuyatsa nyali ya injini. CVT ya Honda imafunanso oyilo wa Honda, ndipo wa GE8 ndi wa GK5 si mmodzi.

Zoopsa: kutsogolo kwake ndi kotalika komanso kotsika, bampa imakhula pa mahampu ndi polowa pa geti pamene pali ngalande. Thanki ya mafuta ili pansi pa mipando yakutsogolo, pakati penipeni pa galimoto, nde pa msewu wa miyala yosongoka muziyenda mwaulemu. GK5 ndi yotsikirapo kuposa GE8.

Koma pali chimene Fit imachita chimene zinzakezi sizingathe. Poti thanki ili kutsogolo, mipando yakumbuyo imagona pansi kwathyathyathya kapena kuimirira, mumalowetsa matumba a chimanga ochokera kumudzi, ka filiji, olo njinga ya mwana. Ndipo injini ya Honda imakonda kukwezedwa, ya manyuwo ya magiya 6, imene inayamba pa GE8 ya 2010, mukaitsitsa giya pa msewu wa Thyolo pakati pa minda ya tiyi paja imayankha mokoma kwambiri. Tayala lake la 185/55R16 ndi limene lili ndi mnofu wambiri pa gulu lonseli. Ine ndikanati ndisankhe imodzi yoti ichite zonse, ndi iyi.

Suzuki Swift Sport

Iyi nde ya sipoti yeniyeni, ndipo ifunika tiikambe mofatsa chifukwa zilipo zitatu zosiyana.

Mtengo: ZC31S ya 2005 mpaka 2010, ya 1.6 ndi 125 PS, ndi yotchipa ku Japan koma zaka zake ndi injini yodutsa 1500cc zimakwezetsa msonkho, nde mukaphatikiza zonse kutchipa kuja kumathera pa boda. ZC32S imene inatuluka kumapeto kwa 2011 ili ndi 136 PS, manyuwo ya magiya 6 kapena CVT. ZC33S ya 2017 kupita mtsogolo ndi ina kotheratu: 1.4 ya turbo, 140 PS, ndipo ya manyuwo imalemera makilogalamu 970 okha. Pogula ndi yodula kuposa zonse za ku Japan zimene tatchulazi, ngakhale injini yake ili pansi pa 1500cc.

Kupezeka: zochepa. Ma Swift ambiri amene mukuwaona ndi a 1.2, ndipo ilipo ina yotchedwa Swift RS imene imaoneka yolusa koma injini ndi ya 1.2 yomweyo ya 91 PS. Sport yeniyeni ili ndi mapaipi awiri a ekizozi otulukira mu bampa yakumbuyo, ndipo chesisi ndi ZC31S, ZC32S kapena ZC33S basi. Wina akakuuzani kuti RS ndi Sport nzofanana, akufuna ndalama zanu.

Kusamalira: injini ya M16A ya 1.6 ndi yolimba zedi, ya tcheni, yapachibale ndi ya mu SX4 ndi Escudo. Sevisi wamba sivuta. Chimene chimavuta ndi zinthu za Sport yokhayokha, mashoko, mabampa, nyali, madisiki a mabuleki. Wa kabaza akakugundani bampa pa Kandodo Corner mutha kuyenda ndi ya mawaya kwa nthawi ndithu mukudikira ina ichoke ku Japan kapena ku Dar. Ya turbo imafuna oyilo wabwino wa synthetic pa nthawi yake, zoti tionjezere ma kilomita 3,000 ena malipiro akubwera sizigwira pamenepa.

Zoopsa: zonse zitatu zinapangidwira petulo wa octane wokwera. Matayala a ZC32S ndi ZC33S ndi 195/45R17, saizi yovuta kuipeza ndiponso yodula, ndipo ZC33S ili mamilimita 120 okha kuchoka pansi. Ambiri amatsitsa marimu kupita pa 16 kuti aike tayala la mnofu, ndi nzeru yabwino bola muyeze kaye kuti rimuyo sikukhula pa mabuleki. Buti ndi yaing'ono, sutikesi imodzi yaikulu ndi kachikwama basi yadzadza. Chinanso, amene amagula Swift Sport ku Japan sagula kuti azipita nayo ku tchalitchi, nde zambiri zimabwera zitathamangitsidwa, zina zitasinthidwa saspenshoni ndi ekizozi. Funani pepala la okushoni ya ku Japan losonyeza mmene galimotoyo inalili poigulitsa, ndipo ikakhala yotsitsidwa kale ndi masipuling'i ogula padera, isiyeni.

Nanga mayendedwe ake? ZC32S imafuna muikweze mpaka pamwamba kuti ikupatseni zonse, pansi pa 3,000 rpm ndi yofatsa ngati Swift wamba, ndipo kuno kumtunda kwathu kufatsako kumaonekera. ZC33S ndi imene imagwirizana ndi mapiri athu, mphamvu yokoka ya 230 Nm imabwera msanga, kukwera kuchoka ku Thabwa simuchita kusakasaka giya, kudutsa thiraki pa msewu wa Zomba ndi nkhani ya masekondi ochepa. Otomatiki yake ndi ya magiya 6 yachizolowezi, osati CVT, ndipo imeneyo ndi nkhani yabwino pa jamu. Pokhota, palibe mwa zinazi imene imamvera chiwongolero ngati Swift. Koma dzenje lililonse mumalimva mmsana.

Mazda Demio ya 1.5

Iyi ndidutsapo msanga. Mtengo: Demio Sport ya 2007 mpaka 2014, chesisi DE5FS, ya 113 PS, nthawi zambiri ndi yotchipa kuposa Vitz RS. Kupezeka: ma Demio a 1.3 ndi ambiri mtauni muno nde zitseko, nyali ndi magalasi sizisowa, ya 1.5 yokha ndi imene mumachita kusaka. Kusamalira: injini yake ili mu Axela ya 1.5 ndi Verisa, palibe zachilendo. Ndi yopepuka, chiwongolero chake nchokoma, koma mkati ndi mwa pulasitiki wolira, phokoso la msewu limalowa, ndipo tayala la 195/45R16 ndi lopyapyala ngati la Swift.

Zoopsa zenizeni zili pa Demio ya dizilo imene inayamba mu 2014. Imakoka modabwitsa, ya otomatiki ili ndi 250 Nm, ndipo mafuta imangonunkhiza. Koma ili ndi sefa ya utsi ija amati DPF, imene imafuna ulendo wautali kuti iwotche mwaye. Ngati moyo wanu ndi Namiwawa, tauni, Namiwawa, sefayo imatsekeka, dizilo amatsikira mu oyilo, ndipo amakaniko odziwa kuikonza bwino ndi owerengeka. Imafunanso oyilo wakewake wa phulusa lochepa.

VW Polo GTI

Mtengo: yokwera pogula, yokwera pa inshulansi, yokwera pa chilichonse. Ya 2010 mpaka 2014 ndi 1.4 yokhala ndi turbo komanso chopopera mpweya china chotchedwa supercharger, 180 PS. Kenako kunabwera ya 1.8 ya 192 PS, ndipo ya 2018 ndi 2.0 ya 200 PS. Ya 1.4 ija imaoneka yotchipa pa masamba a ogulitsa ku Japan, ndipo pali chifukwa chake.

Kupezeka: zilipo zochokera ku Japan komanso zolowera pa Mwanza kuchoka ku South Africa, kumene Polo imapangidwa ku fakitale ya Kariega. Ubwino wake masipeya ali pafupi, mukaitanitsa ku Johannesburg amabwera pa basi. Koma yochoka ku Joni onetsetsani kuti ili ndi kalata ya polisi yoitulutsira mdziko komanso kuti a Interpol aiona, Polo ndi imodzi mwa magalimoto obedwa kwambiri kumeneko, mutha kulandidwa galimoto ndalama zitapita kale.

Kusamalira: imafuna makaniko wa kompyuta amene amadziwa VW, osati wongoyesa. Oyilo wa muyezo wa VW, mapulagi ake enieni, palibe zachidule.

Zoopsa: ya 1.4 imadziwika dziko lonse ndi kumwa oyilo, kutamuka kwa tcheni komanso mavuto a mapisitoni, ndipo petulo wa octane wotsika amangowonjezera moto. Giyabokosi yake ndi DSG, otomatiki ya makilachi awiri, ya magiya 7 ndipo makilachiwo ndi ouma. Pa msewu wotseguka imasintha magiya mwachangu mpaka kukoma, koma pa jamu ya pa chitunda pamene mukungokwawa, makilachi amatentha, imayamba kunjenjemera ponyamuka, ndipo kabokosi kake koyendetsa magiya kakafa mtengo wake mutha kugulira ka Mira. Tayala ndi 215/40R17. Ya 2.0 ya 2018 ili ndi DSG ya makilachi a mu oyilo imene imapirira bwino, koma ndalama yake ndi ya gulu lina.

Pothamanga nde palibe mpikisano, Polo imazisiya zonsezi kutali. Paulendo wa ku Lilongwe imakhala phee pa msewu ngati galimoto yaikulu, simutopa. Funso ndi loti ulendo umenewo mumayenda kangati pa mwezi.

Poyesa musanalipire

Pitani mmawa injini isanalizidwe, muilize nokha ili yozizira, mumvetsere kulira kwa tcheni masekondi oyambirira. Musavomere kungozungulira pa malo athyathyathya. Kwezani anthu awiri kumbuyo, yatsani eyakoni, pezani chitunda chilichonse chochoka ku Mudi, muime pakati nkunyamukanso. CVT yotopa kapena DSG yodwala imadziulula pomwepo. Dutsani pa hampu muli odzadza choncho mumve ngati ikukhula pansi, kenako muyang'ane mkati mwa marimu onse anayi ngati muli mowotcherera. Ma kilomita a pa dashibodi musawakhulupirire okha, yerekezani ndi pepala la okushoni komanso mmene chiwongolero ndi mapedulo zathera.

Nde iti ya ndani?

Ngati kwanu kumafika msewu wafumbi, galimoto ndi imodzi yomweyo ndipo ndalama ya sevisi mumachita kuwerengera, tengani Vitz RS, ndipo ngati nkotheka muike marimu a 15 amene akukwana pa mabuleki. Ngati muli ndi banja, mumanyamula katundu wa kumudzi koma mukufunabe kumva kukoma mukakhala nokha, Fit RS, ndipo GE8 ya manyuwo ndi imene ili ndi mutu wochepa, GK5 ikhale ya amene samwetsa petulo wa mzigubu. Ngati ndalama yachepa koma mukufuna chiwongolero chokoma, Demio Sport ya petulo. Ya dizilo ndi ya okhawo amene sabata iliyonse ali pa msewu wa Lilongwe kapena Mulanje.

Swift Sport ndi ya munthu amene amayenda pa tala kuchoka pa geti mpaka ku ntchito, alibe ana aakulu okhala kumbuyo, ndipo wavomereza kuti matayala azimudya. Mthumba mukalola, ZC33S, mukapanda kulola ZC32S ya manyuwo osati ya CVT. Polo GTI ndi ya amene ali ndi galimoto ina pakhomo yoyendera tsiku limene iyi ili ku galaja, ali kale ndi makaniko wa VW amene amamukhulupirira, ndipo ngati ndi ya 1.4 ya DSG, akhale atasunga padera ndalama ya giyabokosi asanakalembetse nkomwe ku Road Traffic.